Mizere ya Eulalia

Ku Quillacollo, pamphambano ya kumsika wa mbatata,
Eulalia Condori wagwada ndi chitini cha penti.
Kunja sikunache.
Akujambula mizere yoyera paphula,
umodzi, wina, winanso,
pomwe nsapato ya Wilmer inatsala
italoza kusukulu.

Kuchipatala namwino Delfina amalemba ovulala m'kaundula.
Chaka chatha buku linakwana.
Chaka chino masamba athera mu Ogasiti.

A khonsolo akuti ndalama za mahampu zikubwera.
Zikubwera wapansi, akutero Eulalia,
nazonso zikuopa kuwoloka.

Chisanu chikutsika phiri la Tunari.
Minibasi yoyamba yamanga mabuleki,
dalaivala wavula chipewa.
Yachiwiri yangodutsa,
matayala anyambita penti wosauma
n'kumka akudontheza
mpaka ku Cochabamba.