Wodya Fumbi

Tinali asanu ndi awiri potsikira ku Batopilas,
ine kumapeto kwenikweni, monga mwa masiku onse,
ndi masipanala, pampu, waya ndi machubu awiri.
Wakumbuyo saona msewu.
Amaona fumbi la anzake, nalidya,
mpaka mano kumalira mchenga akati ameze malovu.

Nereida ndiye ankatsogola, chisoti chake psuu,
kadontho ka magazi kotsetsereka m'nthiti za phiri.
Kumanzere thanthwe. Kumanja kulibe kanthu,
phompho loti ukaponyamo mwala
umatopa kudikira, n'kuiwala kuti unaponya.
Miimba inkauluka kunsi kwa nsapato zathu.

Patsogolo panga, Casimiro.
Zaka ziwiri osandipatsa moni
chifukwa cha injini yomwe ndinamukonzera n'kukamufera ku Creel,
chifukwanso cha ndalama zanga zomwe anangokhalira.
Nkhope yake ndinali nditayamba kuiiwala,
koma msana ndinkaudziwa bwino:
jekete yosokedwa ndi ulusi wobiriwira paphewa,
khosi lopendekera kumanja akamalowa pakona.

Masana tinalowa m'khwawa louma,
makoma ofiira uku ndi uku, thambo litatsala ngati lamba.
Mumchenga sugwira buleki.
Umaimirira, n'kuisiya njinga ivine yokha pakati pa mawondo.
Pamthunzi tinazimitsa moto. Zii.
Makutu okha ndiwo ankalirabe.
Fermín anadula malalanje ndi mpeni wonunkha girisi,
Ofelia anavula jombo, natulutsa kamwala
komwe anayenda nako chichokere m'mawa osadandaula.

Kenako Nereida anasiya kutafuna.
"Mukulimva fungolo?"
Dothi lonyowa.
Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.
Mvula inali itagwa kwina, pa madenga a anthu ena,
kumapiri omwe sitinawaone,
koma ngongole yake inkabwera kudzatolera kwa ife.

Kunayamba tizitsotso ndi thovu, kukwawa ngati buluzi.
Kumbuyo kwake, mkokomo.

Njinga zisanu ndi imodzi zinalira.
Ya Casimiro inatsokomola kamodzi, n'kuti chete.
Anaponda, anapondanso, natukwana dzina langa lonse
mpaka la bambo anga.
Ndinamugwira pakolala.
Tinakwera chitunda awiri panjinga imodzi,
tayala lakumbuyo likulavula miyala,
ndipo pocheuka
madzi onga khofi wamkaka anali atainyamula kale,
kuigubuduza kawiri mosafulumira,
galasi lake likuphethira kotsiriza
lisanakhote ndi mtsinje.

Tinakhala pathanthwe mpaka dzuwa kupendeka.
Palibe anatchula za injini.
Fermín anapeza theka la lalanje m'thumba, lamchenga,
tinagawana choncho.
Mnyamata wina wa nkhwaira za matayala
anatipeza akutsitsa mbuzi zake.
Anawerenga ndi maso, anthu kenako njinga,
anawerenganso,
naloza ndi mlomo njira ya abulu yokwera kuseri.

Makilomita makumi anayi mumdima.
Casimiro kumbuyo kwanga,
atagwira chitsulo cha katundu kuti asandikhudze,
wouma gwa ngati thumba la simenti.
Pakona yachitatu,
pomwe nyali inaunika mpweya wokhawokha,
manja ake anapeza nthiti zanga
ndipo sanachokeponso.
Ndinkamva mtima wake ukugogoda pamsana panga
ngati pisitoni yotha.

Anakuwa kanthu kena m'chisoti.
Mphepo inatenga theka, injini n'kumaliza lotsala.
Mwina anati pepa.
Mwina anati chepetsa liwiro, chitsiru iwe.
Sindinafunse. Ndinachepetsa.

Kutsogolo timagetsi tisanu tofiira
tinkazima ndi kuyaka m'makona a phiri,
fumbi lawo likutidikira panjira, lofunda,
ndipo nditamva akutsokomola kuseri kwa khutu langa
ndinaseka ndekha m'chisoti:
zaka zonsezi ndili kumapeto,
aka kanali koyamba kulidya ndi mnzanga.