Masabata Asanu Opanda Sinki

A Aníbal anati masiku khumi.
Lero takwanitsa masabata asanu
ndipo mbale ndikutsukirabe m'bafa,
nditagwada ngati wopepesa kwa mafoloko.

Firiji yasamukira pabalaza, ikung'ung'udza usiku wonse.
Graciete akudulira anyezi pathabwa lositira zovala.
Sakundiyankhula bwino chiyambire Lachiwiri,
poti ndine ndinati khomalo ligwe.

Ndiye ndafukula kamera, ndi galasi lake lalitali lija
limene mwana anandigulira nditapuma ntchito padoko la Setúbal,
lojambulira tinthu timene maso amalumpha.
Zaka ziwiri linangogona m'kabati, pansi pa matawulo.

Poyamba zonse zinkatuluka mbuu.
Ukayandikira kwambiri, malo ooneka bwino amapyapyala
ngati chikhadabo cha khanda:
mutu wa msomali uli ngwee, thunthu lake lasungunuka.
Ukapuma mpweya, waphonya.
Mtima ukangogunda, waphonya.
Telmo, mnyamata wa a Aníbal, akayatsa choboolera khoma,
nyumba yonse njenjenje, miyendo itatu ya kamera njenjenje,
choncho ndaphunzira kudikira nkhomaliro yawo,
akakhala pamasitepe ndi buledi ndi nsomba zam'chitini,
fumbi likamatsika pang'onopang'ono m'kuwala kwa zenera.
Mphindi makumi anayi. Ndi zanga.

Mng'alu wa pa tailosi yabuluu ndinaupeza uli mtsinje,
wokhala ndi timifuleni, ndi chilumba cha mafuta akale.
Dzimbiri la pa sikuluwu ndi munda wofiira ongolimidwa kumene.
Nyerere inadutsa itasenza kachibenthu ka pulasitala,
kaya inkayesa shuga, kaya nayonso ikumanga,
ndinaijambula kasanu ndi kawiri, ndinapeza mwendo umodzi wokha.

Kukamwa kwa paipi yotsekedwa kunalendewera dontho.
Ndinagona chamimba pasimenti, bondo likudandaula,
ndipo m'donthomo munali khitchini yonse chadodolido:
mawaya olendewera, makwerero, zenera,
ndi ine, nkhalamba yaing'ono kuposa njere ya mpunga.
Linagwa ndisanadine.
Lachiwiri linatenga mphindi zisanu ndi zinayi kuti likule.
Ndinadikira. Sindinadikirepo chinthu chonchi
ngakhale sitima zija zochedwa ndi mphepo.

Dzulo atulutsa thabwa lakale lokonzerapo zakudya,
aliimika panja kuti galimoto ya zinyalala idzatenge.
Pakona pake pali bwalo lakuda, chipsera cha poto.
Ndine ndinaika potoyo, wotentha, osayala kanthu,
m'mawa umene Graciete anafuula kuchokera kuchipinda
kuti nthawi yakwana, itana galimoto.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi tinkabisapo ndi mtanga wa malalanje.

Ndinayandikira mpaka galasi kutsala pang'ono kukhudza.
Kuda kuja si kuda kokha, ayi:
muli kofiirira, muli matuza, muli timizere ta mpeni
todutsana zikwizikwi, chakudya chilichonse chamadzulo chinasiya kake.

Usiku ndinamuonetsa pakompyuta, titakhala pamakatoni.
Anavala magalasi. Anati, kodi ndi mwezi?
Ndinati ayi. Anayang'ananso, nthawi yaitali,
firiji ikung'ung'udza kumbuyo kwathu.
Kenako anati: pamenepanso sunapepese.
Ndinati ndinali wotanganidwa tsikulo.
Anaseka ndi mphuno, kamodzi kokha,
nandipatsa theka la lalanje lake.

M'mawa uno ndapeza thabwalo kulibe panja.
Lili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, lokutidwa ndi nsalu,
ndipo palibe amene wanenapo kanthu.

A Aníbal afika mochedwa, pensulo kukhutu.
Ayang'ana khoma, ayamwa mano,
akuti matailosi amene abwera si amene tinaitanitsa.
Masiku khumi, akutero.
Ndapukuta galasi ndi kansalu kake.
Pawindo pali ntchentche yakufa, mapiko ake ali ndi fumbi loyera,
ndipo dzuwa lifika pamenepo cha m'ma leveni.