Kapepala Kopindidwa Kasanu ndi Katatu

Anandipatsira pawindo la mankhwala,
kopindidwa ngati ndalama ya pamfundo ya chitenje.
Anamwino, Mayi Chavula, anati,
"Mukawerenge, a Yotamu. Musakakulungire mtedza."

Ndinakwera sakaramento pa Katoto,
chifunga chikundinyambita m'makutu,
kapepala m'thumba la pamtima
kakuphwanyika pa bampu iliyonse mpaka ku Chibavi.

Dzina la mankhwalawo ndi lokhotakhota
ngati msewu wotsikira ku Nkhata Bay.
Ndinalisiya. Ndinayambira m'munsi mwake.

Imwani limodzi usiku uliwonse.
Usiku ndimaudziwa ine.
Ndinaulondera miyezi inayi yathunthu
wailesi ikunditchula dzina, la bambo anga lomwe,
mabatire ndili nditachotsa kale
n'kuwakwirira kuseri kwa bafa.

M'kamwa mukhoza kuuma.
Zoona. Lilime limasanduka chigamba.
Mukhoza kugona kwambiri.
Zoonanso, ndipo sindidandaula.
Ndili ndi ngongole ya tulo yoti ndibweze.

Manja akhoza kunjenjemera.
Apa ndinaima kaye.
Amene analemba mzerewu sankadziwa kuti ndine telala,
kuti bowo la singano ndilo khomo
limene ndiwo zimalowera m'nyumba mwanga.
Ulusi umafika pakhomopo, n'kubwerera,
n'kufikanso, ngati mlendo wamanyazi.
Tsono Lusayo, wa sitandade folo uja,
asananyamuke kupita kusukulu
amandilowetsera ulusi m'masingano asanu,
woyera, wakuda, wabuluu uwiri, wofiira,
n'kuwabaya pakolala ya malaya anga.
Ndiwo kamba wanga wa tsiku lonse.

Musayendetse galimoto kapena makina
ngati mutu ukulemera.
Ndinayang'ana makina anga opondera mapazi,
nawonso anandiyang'ana.
Tinagwirizana kuti tiziyamba dzuwa likakwera.

Pali mzere wina Mayi Chavula anaudula ndi cholembera chofiira:
Musasiye mankhwala poti mwapeza bwino.
Ndinasiyapo kamodzi, mu Juni, kuzizira kuli pachimake.
Zimene zinachitika sindizikumbukira zonse.
NyaMhango ndiye amazikumbukira,
ndipo akamandipatsa kapu ya madzi usiku
sachoka mpaka m'mero mwanga mutagwedezeka.

Ndakawerenga kapepalaka mpaka m'mapindo mwang'ambika.
Kamanena za mowa, za mimba, za ana kuti asafikire botolo,
za zidzolo, za khosi likauma kuti uthamangire kuchipatala.
Koma sikanena
momwe umaperekera moni kwa munthu
amene anakuona pa depoti ukulalikira matayala a basi.
Sikanena kuti kutchalitchi benchi limatalika
iwe ukangokhalapo.
Sikanena kuti ana a pa mpopi
aleka liti kunong'onezana liwu lija
limene kapepalaka, mwaulemu wake, sikanalilembe n'komwe.

Kamati "inu."
Inu mukhoza. Inu muyenera. Funsani.
Panapita nthawi anthu akukamba za ine ndili pomwepo,
"mwamudyetsa? wagona? mumangeni bwino,"
ndiye kapepala aka kakubwera n'kundiyankhula pamaso
ngati munthu woti angamve, n'kusankha.

Lachitatu lapitali kunabwera mayi wa ku Zolozolo,
nsalu ya yunifomu m'khwapa, kamtsikana kumbuyo.
Anayang'ana manja anga. Anayang'ananso.
Kenako anati, "Muipange yotaya pang'ono, akukula uyu."
Buku la miyezo linali litasowa nthawi ya matenda ija.
Ndinapisa m'thumba, ndinatembenuza kapepala,
kuseri kunali koyera.

Phewa, khumi ndi ziwiri.
Chiuno, makumi awiri ndi zinayi.
Kutalika, tionjezerepo ziwiri za chaka chamawa.

Manambala anatuluka opindikapindika,
koma amawerengeka.
M'munsi mwake ndinalemba tsiku lobwerera kuchipatala,
ndinapindanso kasanu ndi katatu,
n'kusolola singano ya ulusi wabuluu pakolala.