Masamu a Pamsana pa Envulopu

Kalata inabwera Lachinayi,
yati Lolemba ndikaonekere ku Kanengo,
hafu seveni, pa sikelo ya matumba a soya.
Za kogona sinanene.

Ndinatsika pa depoti ndi chikwama chimodzi
ndi envulopu yomwe inadzera kalatayo.
Pamsana pake ndi pomwe ndinayamba kuwerengera moyo wanga
ndi bolopeni yobwereka.

Azakhali a Nasimelo ku Chinsapo anati,
"Mwana wa achimwene salipira lendi, bwera,
uzigona ndi Ndaziona pabalaza."
Njirayo ndinaiyesa Lachisanu, ngati nsapato ya mwini:
kabaza mpaka pamsewu wa Likuni,
minibasi mpaka m'tauni,
kenaka kudikira ya ku Kanengo kuti idzaze,
kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi
pomwe anayi akumbuyowo ndi anzake,
atsika galimoto ikangolira.
Pamlatho tinaima mpaka ndinaloweza
mitengo yonse ya mayi wogulitsa masokosi.
Maola awiri.
Ndinalemba: nyumba yaulere,
koma msewu ukudya theka la malipiro
ndi tulo tam'mbandakucha.

Ku Eliya 18 anandiperekeza ejenti wina,
jekete pathupi, dzuwa likuswa mtengo.
Ndalama yoonera nyumba anafuna ndisanaone nyumbayo.
Chipinda chakuseri, matailosi pansi,
miyezi itatu kulipiriratu.
Ndinaseka. Iye sanaseke.
Pa envulopu ndinangokhwatcha.

Ku Mgona ndiye pafupi zedi,
madenga a mafakitale kuonekera uli pakhomo,
mtengo wake woti ungapume.
Koma pakhoma panali mzere wa matope
wolekeza m'bondo langa.
Bambo Chinkhuntha, eni ake, anauphimba ndi mwendo,
ati mvula ya chaka chatha inali yamwano chabe.
Chimbudzi chimodzi.
Zitseko ndinawerenga zisanu ndi zinayi.

Loweruka madzulo, mapazi atatupa,
ndinagogoda pa geti ya mayi Kaphwiti
ku Twente-faifi, kuseri kwa msika wa Nsungwi.
Malamulo anayamba moni asanathe:
geti imatsekedwa naini,
mayunitsi a magetsi timasonkha,
ayironi Lamlungu lokha,
alendo achimuna amathera pamtengo wa mapeyalawo.
Chipindacho nditatambasula manja
ndinakhudza makoma onse awiri.
Zenera limayang'ana mpanda wa aneba
wa mabotolo osweka pamwamba.
Koma mpopi uli pabwalo pomwepo,
ati umadzuka pakati pa usiku, ukudziwa kutchera ndowa?
Ndinati ndikudziwa.

Kuchoka pa getiyo kukafika ku sikelo
ndinayenda wapansi, wotchi m'manja.
Mphindi makumi anayi ndi zitatu.
Palibe kondakitala, palibe zoti mafuta akwera.
Ndinalemba: lendi ikuluma, koma miyendo ndi yanga.

Foni kwa azakhali ndiyo inalema.
"Ndiye wasankha anthu osawadziwa?"
Kenaka zii,
mpaka ndinayang'ana ngati mayunitsi atha.
Mawa lake Ndaziona anatulukira pa kabaza
ndi mbaula, mphasa, ndi katani yakale ya maluwa,
yopanda uthenga uliwonse.

Lero Lolemba.
Ndatuluka nkhuku za aneba zisanatsike,
nsapato zantchito m'jumbo, patapata kumapazi.
Sindili ndekha:
njira yadzaza misana ya anthu opita komwe ndikupita,
alonda akubwerera, maso ofiira, zibonga m'khwapa,
mtsikana akuyala mandasi pa beseni, akuyasamula.
Fumbi lafika m'misomali.
Ndikafika pa geti ndipukuta mapazi ndi kansanza,
ndivala nsapato, ndilowa ngati wotsika m'galimoto.

Envulopu ija yadzaza mbali zonse,
yatsala kangodya kamodzi.
Pamenepo ndimafuna kulemba mtengo wa zii wa azakhali,
koma sindikudziwa ngati ndiuike
kumbali ya lendi kapena ya thiransipoti.