Denga Lomvera Batani

Mnyamata wa ku Lilongwe wandionetsa pa foni:
denga la pakhonde, timalata topyapyala
totembenuka ngati nthiti za munthu akupuma.
Ukadina batani, dzuwa lilowa m'mizeremizere;
ukadinanso, mvula ikagwere kwina.

Mtengo waulemba kuseri kwa lisiti la mchere.
Maziro ndawawerenga kawiri.
Ndi mpunga wa zaka zitatu ku Lifuwu,
ndi fizi ya Asiyatu mpaka atalemba mayeso.

Komatu Okutobala wa ku Salima sanyengerera.
Malata anga amasanduka chiwaya,
makasitomala amamwa tiyi chiimirire
n'kuthawira pa mthunzi wa mango kwa Nasimango.

Ndamufunsa: magetsi akathima litayasama,
kumwamba kutada bii, nditani?
Waseka, wati pali batire.
Batirelo nalo lili ndi maziro ake.

Twaibu wowotcherera wa pa Kaphatenga
akuti andipangira lopukusa ndi dzanja,
tcheni cha njinga ndi chogwirira basi.
Lizidzalira ngati khwangwala, akuti, koma lizidzatseka.

Lisiti lija ndalipinda, lili m'kabati.
Usiku, thukuta lili kamukamu,
chala changa chimadinabe m'malere.