Mbale Yachisanu

Nyama ndinaiika mufiriji mphindi makumi anayi,
isaume gwa, ingolimba pang'ono
kuti mpeni uyende mwaulemu.
Bambo ankati nyama ya sangweji izipyapyala
mpaka uwerengere nyuzipepala m'menemo.
Iwo agona zaka zisanu ndi chimodzi tsopano,
koma mpeni wawo ndi uwu,
chigwiriro chomangidwa ndi waya.

Kunja Filadefiya wayera mbuu.
Chipale chakwirira magalimoto mumsewu wathu wopanikiza,
ndipo Mayi Kowalczyk aika mpando wapulasitiki
pamalo amene akumba okha ndi fosholo,
wina asayerekeze kuimikapo.

Anyezi atatu, osati mmodzi.
Ubwino wa anyezi ndi womwewo:
ukalira, palibe wofunsa chifukwa.
Mafuta ayamba kunjenjemera m'chiwaya,
ndiponyamo, tswaa!
Ndichepetsa moto. Anyezi safuna phuma,
amatsekemera akafiirira mwakufuna kwawo.

Loretta watulutsa mbale zisanu.
Takhala tikudya anayi kuyambira chaka chija
tinagulitsa kasitolo ka Bambo,
ine ndi Augie titatukwanirana pamtengo wake
pamaso pa loya wosatidziwa.
Lachiwiri foni inalira:
"Carmine, ndili m'tauni."
Mawu atatu basi, kenaka kupuma kwake.
Ine, posowa chonena, ndinati, "Lachisanu ndikazinga nyama."

Fia, wa zaka khumi ndi zisanu,
analengeza Lolemba kuti nyama wasiya.
Bowa wake ndi tsabola wobiriwira
ndawapatsa ngodya yawoyawo, malire ndi supuni.

Nyama ilowa, ifuula, isanduka mtundu.
Ndiidula ndi zitsulo ziwiri, kwe kwe kwe,
kamchere, katsabola wakuda,
ndiiunjika milumilu kutalika ngati buledi,
pamwamba ndiyala provolone, magawo atatu,
ndi kudikira afooke,
agwetse mapewa, alowe m'mipata monse.
Buledi ndi wa pa Ninth Street, wa m'mawa uno,
khungu lolimba, mtima wofewa.
Ndimng'amba, ndikolowola m'kati ndi chala
kuti msuzi upeze pokhala.

Apo kabelu ka utsi kayamba kukuwa kudenga.
Nico akwera pampando, akupiza ndi thaulo,
galu auwa, Loretta atsekula zenera,
mphepo ya Januwale ilowa yosaodira,
ndipo m'phokosomo sindinamve kugogoda.

Ndingomuona ali chilili pakhomo la khitchini,
chipale pamapewa, ndevu zaimvi
zimene palibe anandiuza,
m'manja kabotolo ka tchizi chachikasu chija
Bambo ankachitcha penti.
"Ndimadziwa kuti sungagule," akutero.
"M'nyumba muno sichilowa," ndiyankha.
"Chalowa kale."

Avula jekete, asamba m'manja,
andilanda chitsulo ngati ndinangomusungira.
Avundikira mulu wa nyama ndi buledi,
alowetsa chitsulo pansi, dzanja pamwamba,
tembenu!
osagwa ngakhale kanyezi kamodzi.
Dzanja limenelo ndi la Bambo.
Ine ndinaphunzira mpeni, iye anatenga dzanja,
tinagawana osadziwa, loya kulibe.

Amati chibale ndi fupa, sichiola.
Kaya. Nyama ya lero ilibe fupa,
ndinasankha ndekha kubutchala.
Chimene ndaona ndi tchizi:
ukalekanitsa zidutswa ziwiri
chimatamuka, chiwonda ngati ulusi,
nkumakanabe kuduka.

Tadya chowerama, zigongono kunja,
mafuta akuyenderera mpaka m'mikono.
Nico wafuna chachikasucho, wapanduka.
Fia wasolola kanyama m'mbale ya amalume ake,
tonse tayang'ana kudenga.
Za sitolo palibe wazitchula.
Zili apo, pakati pa mchere ndi botolo la tsabola,
tizidya tsiku lina.

Pano ndikutsuka.
Augie wagona pasofa nsapato zili kuphazi,
galu wamutsamira.
Chiwaya sachithira sopo, Bambo ankatero,
umangopukuta, mafuta a dzulo akhale.
Mbale ndaziwerenga kawiri.
Zisanu.