Fupa la ku Revubwe

Mvula ya Januwale itang'amba gombe la Revubwe
ndinalipeza likusuzumira m'dothi lofiira,
lolemera ngati njerwa yonyowa,
lili ndi bowo pakati ndi timapiko tiwiri tothyoka.

Ndinaliika m'chipewa changa cha kumgodi
n'kupalasa njinga mpaka kumsika wa Moatize.

A Firimino ogulitsa nyama anapukuta manja pa epuloni.
Atha zaka makumi atatu akudula misana ya ng'ombe.
Analitembenuza, nalinunkhiza, naligogoda ndi mpeni,
linalira ngati khasu pa thanthwe.
"Msana ndi msana ndithu," anatero,
"umu munkadutsa chingwe, apa pankakhala nthiti.
Koma ng'ombe imeneyi sinadyepo udzu wa kuno."

Aphunzitsi a Anastansiya anaika bokosi la machesi pambali pake,
najambula ndi foni mbali zonse
n'kutumiza kwa mnzawo ku Maputo.
Yankho linabwera patatha milungu itatu,
mafunso okhaokha:
Munalitola pati? Linagona chotani?
Pansi pake panali mwala wanji?
Nanga anzake ali kuti?

Ndinabwererako.
Mtsinje unali utadya malowo
pamodzi ndi mtengo wa masawu umene ndinkazindikirira.

Tsopano limakhala pawindo, lopanda dzina,
ana amapsinjira nalo makope mphepo ikamawomba.
Usiku ndikaweruka, msana ukuwawa,
ndimadzigwira kumbuyo ndi chala
n'kumawerenga mfundo zanga imodziimodzi
mpaka pamene dzanja lalekezera.